Madzi Abata a Kuseri kwa Bango

Chimene chinamusowetsa mtendere Nelia sabata yonse ija chinali buluku. Linali lakuda, lofika m'akakolo, ndipo analisoka yekha pamakina a mnzake makatani ali otseka. Atamaliza analikulunga m'chitenje n'kulibisa pansi pa sutikesi ngati chithumwa. Masiku amenewo, m'zaka za m'ma 1980, mkazi wovala buluku pagulu ankakhala ataphwanya lamulo, ndipo ayufi, anyamata a chipani ovala malaya ofiira, sankachita kudikira wapolisi kuti adzawathandize. Nelia anali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale ku Balaka. Ankadziwa kuti mphekesera imodzi yokha ikangofika kwa akuluakulu, choko achisiya.

Komabe bulukulo ankalifuna, ndipo chifukwa chake chinali chitagona pamitanda ya nyumba yawo. Mwamuna wake, Lyford, anali makaniko pakampani ina yomanga misewu. Injiniya wachizungu amene ankagwira naye ntchito, pobwerera kwawo, anamusiyira thabwa losewerera panyanja. Linali lalitali, lopepuka, lokhala ndi mlongoti ndi thanga lofiira. Munthu amaimirira pamwamba pake, n'kudzutsa thangalo ndi chingwe, mphepo n'kumamukankha. Lyford analikwerako kangapo ku Mangochi ali ndi bwana wakeyo, ndipo kuyambira pamenepo ankayankhula ngati anabadwira m'bwato. Amuna ena ali choncho: akangozungulira nyumba ndi njinga, mawa lake afuna kuphunzitsa anthu kuyendetsa sitima.

Nelia anakulira ku Liwonde, m'mbali mwa Shire, ndipo kusambira ankakudziwa pang'ono. Mtima wake sunali woti n'kungokhala pamchenga kuombera mwamuna m'manja. Tsiku lina anatsitsa thabwalo n'kuimapo pabalaza pomwepo, Lyford akuligwedeza. Chitenje chinamumanga miyendo, ndipo anagwa chagada mwana wawo Elliam akuseka. Apa m'pamene anaona kuti popanda buluku masewerawa sangatheke. Chimene chinatsala chinali kupeza malo oti woyamba kumene angaphunzirepo, komanso oti akhomepo tenti n'kugona.

Amene anabweretsa yankho anali Japhet, mnzake wa Lyford, woyendetsa lole yokatenga nsomba zouma ku nyanja ya Chiuta.

"Ku Mangochi mukakumana ndi makolo a ana amene mumawaphunzitsa, alamu," anatero Japhet. "Tiyeni ku Chiuta. Nyanja yake ndi yosaya, ndipo kulibe amene akukudziwani. Loweruka ndikupita ndi lole yopanda katundu."

Anasiya Elliam kwa mng'ono wake wa Nelia, n'kunyamuka m'mawa wa Loweruka lina mu Ogasiti, sukulu zili patchuthi. Anadutsa Liwonde ndi Ntaja, kenako anakhotera mumsewu wafumbi wodutsa m'minda ya thonje ndi chinangwa ya cha ku Chikweo. Mphepo ya mwera inali itayamba kale, yozizira, ikuwulutsa fumbi kuchokera kumwera. Pofika padoko la asodzi dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo.

Dokolo linali kumwera kwa kamtunda kakatali kamene kanalowa m'nyanja ngati chala, kodzaza ndi bango. Mtima wa Nelia unagwa atangotsika m'lole. Anthu anali pikitipikiti: amuna akusoka maukonde, amayi akutembenuza matemba pamathandala, ogula akukangana ndi ogulitsa. Pansi pa mtengo wa mango panali ayufi awiri atakhala pabenchi, akuyang'ana aliyense wolowa pamsika. Thabwa litatsitsidwa, doko lonse linasiya ntchito n'kubwera kudzaona.

M'gulumo munatuluka bambo wina wamtali, wovala yunifolomu ya khaki ndi chisoti choyera. Anadzitchula kuti ndi Swaibu Kachingwe, mlangizi wa za usodzi m'deralo. Analizungulira thabwalo, analigogoda ndi chala, n'kumwetulira.

"Zoterezi ndinaziona ndili kusukulu ya usodzi," anatero. "Wokwera ndani?"

"Ndine," Lyford anayankha msangamsanga.

"Mayiwa ngoonerera?"

"Eya, ngoonerera."

Nelia anayang'ana pansi. Bodzalo anali atagwirizana m'lole, koma linamuwawabe kulimva.

"Ndiye mwafika pabwino," anatero a Kachingwe. "Mukuona mchenga uwo, kupitirira mabwato? Madzi ake ndi ofika m'chiuno mpaka kutali ndithu, pansi pake palibe matope, ndipo ng'ona sizikonda phokoso la pano. Chachikulu n'chakuti mwera mbali ino ukuwomba kuchokera m'nyanja kubwera kumtunda. Mukagwa, mukatopa, mphepo yomweyo ikubwezani pamchenga. Tenti mukhome kuseri kwa nyumba yanga, pali mthunzi ndi chitsime."

"Koma pali mafunde," anatero Lyford.

"Timafunde iti n'tabwino, achimwene. Timakuuzani kumene mphepo ikuchokera. Masiku a mwera ano, mukaona madzi ali phee kugombe, muziopa. Ndiye kuti mphepo ili kumbuyo kwanu, ikudumpha pamutu panu n'kukagwera kutsogolo. Imeneyo imatenga munthu kupita naye pakati. Ndipo mukudziwa kuti nyanja ino tinagawana ndi a ku Mozambique. Kumpoto ndi kum'mawa uko kuli nkhondo, asodzi athu omwe safikako."

Anawonjezanso kuti munthu akagwa asalisiye thabwa zivute zitani, chifukwa thabwa silimira koma munthu amatopa. Kenako anayang'ana dzuwa n'kunena kuti nthawi ya pemphero la Swala yakwana. Akabwerako kumzikiti awabwereka majekete oyandamitsa amene ankasunga ku ofesi.

A Kachingwe atangotembenuka, Nelia anakokera mwamuna wake kuseri kwa lole.

"Abambo a Elliam, ine pano sindingavale chija. Mwaona anthuwa? Mwaona a malaya ofiira aja?"

"Nanga titani? Tiwauze alangiziwa?"

"Iyayi. Iwowa ndi a boma. Mukudziwa bwanji kuti nkhani ikathera kuti?"

Japhet, amene ankathira madzi m'injini, anali atamva zonse. Anapukuta manja n'kubwera pafupi.

"Vuto lake ndi limenelo basi? Alamu, ine dera lino ndimalidziwa ngati m'thumba mwanga. Kuseri kwa bango uko, mbali ya kumpoto, kuli kagombe kena. Madzi ake ali ngati a m'beseni, ndipo sikufika munthu. Mungavale chimene mukufuna."

"Alangizi aja anena kuti madzi abata ndi oopsa," anatero Lyford, koma mawu ake analibe mphamvu.

"Anthu a boma amaopseza, ndiyo ntchito yawo. Woyamba kumene angaphunzire pamafunde? Mwana amaphunzira kuyenda pabwalo losesa, osati pamizere."

Kunena zoona, mawu a Japhet ankamveka anzeru, ndipo uphungu woipa umapweteka anthu chifukwa chomwecho. Japhet nyanja ankaidziwira pawindo la lole, mwendo wake unali usanapondepo m'bwato. Koma Nelia anamva zimene ankafuna kumva. Ndi iye amene ananena kuti akweze katundu msanga alangizi asanatuluke mumzikiti. Majekete aja anawasiya osawaona n'komwe.

Lole inazungulira ndi kanjira ka ngolo mpaka pamene kanathera. Japhet anawathandiza kunyamula katundu kudutsa m'bango, n'kubwerera kukapakira nsomba, atalonjeza kudzawatenga mawa lake. Kagombeko kanalidi kokongola. Madzi anali phee, oyera moti mchenga unkaoneka pansi, ndipo kumbuyo kwawo bango lalitali linawatchinga ngati mpanda. Nsonga zake zinkawerama kuloza kunyanja, zikulira ndi mphepo, koma pansi pamene anaima sipankamveka kanthu. Pokhoma tenti Nelia anaona mapazi aakulu ngati mbale, otsika m'kanjira kolowera m'madzi. Lyford anati ndi a mvuu koma ndi akalekale. Anasuntha tenti pang'ono n'kuiwala.

Lyford anayamba ndiye. Anaima pathabwa, anadzutsa thanga, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe, kenako anadumphira m'madzi n'kulikoka pobwerera. Nelia analowa mutenti. Potuluka anali m'buluku lake ndi bulauzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire anamva mphepo ikudutsa pakati pa miyendo yake popanda nsalu yomukola. Anaseka yekha ngati kamtsikana.

Anagwa kambirimbiri. Thangalo linali lolemera likanyowa, chingwe chinkamudya m'manja, koma sanafune kumva zopuma. Ndiye panafika nthawi ina pamene zonse zinangogwirizana. Thanga linadzuka, anagwira mtanda wake ndi manja onse, ndipo thabwa linayamba kuyenda lokha, madzi akulira pansi pake.

"Mwatha, amake Elliam, mwatha," Lyford anafuula ali m'madzi ofika m'mawondo, akuomba m'manja.

Chimwemwe chimene Nelia anamva sichinali chamasewera. Anaiwala sukulu, anaiwala ayufi. Sanaone kuti patsogolo pake madzi asintha mtundu, kuti pamene panathera mthunzi wa bango panayambira madzi akuda a makwinya. Atangolowa pamenepo mwera unamenya thanga ngati munthu wakankha chitseko. Thabwa linathamanga, iye anakuwa, anayesa kugwiritsa, ndipo linamutengera kutali ndithu asanagwe.

Atavuuka anafuna kuponda pansi, koma pansi panalibe. Anagwira thabwa n'kukwerapo. Lyford anali atachepa, akukupiza manja ndi kufuula mawu amene mphepo inkangowabweretsa odukaduka.

"Tembenuzani... tembenuzani thabwa..."

Kutembenuza kwake kotani? Lyford anali asanamuphunzitse, ndipo mwina iye mwini sankakudziwa bwino, chifukwa ku Mangochi kuja kunkakhala boti la pahotela lokatenga aliyense wolephera kubwerera. Nelia anadzutsanso thanga. Linamukokera kutsogolo, kutali ndi gombe, n'kumugwetsanso. Anayesa kachiwiri, kachitatu, ndipo ulendo uliwonse tenti yawo inkacheperachepera.

Pa nthawi imeneyo kunatulukira bwato kuchokera kumpoto, likutsata m'mphepete mwa bango kulowera kudoko. Munali amuna awiri, wina wachikulire wa ndevu zoyera. Anali pafupi moti Nelia ankamva nkhafi zikugunda bwato. Apa m'pamene anachita chinthu chimene mpaka lero chimandikwiyitsa ndikachiganiza. M'malo moimirira n'kuitana, anatsetsereka pathabwa n'kulowa m'madzi mpaka m'khosi kuti miyendo yake isaoneke.

Wachikulire uja anasiya kupalasa.

"Kuli bwino kumeneko, amayi?"

Mtima wake unkati nena, nena. Koma m'maso mwake munabwera benchi ija pansi pa mango, ndi iye akutsika m'bwato pamaso pa doko lonse, buluku litamatirira m'thupi. Anadziuza kuti Lyford apeza nzeru, kuti mphepo ileka posachedwa.

"Kuli bwino, bambo," anayankha. "Tikusewera."

Amunawo anali anthu aulemu. Kwawoko mwamuna sayang'anitsitsa mkazi wa mwini ali m'madzi, choncho anatembenuza nkhope zawo n'kupitiriza ulendo. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Nelia analiyang'ana bwatolo mpaka linakhota kuseri kwa bango.

Mphepo sinaleke. Inakula. Atakweranso pathabwa anaona mutu wa Lyford m'madzi, akusambira kumulondola. Anasambira ndithu, koma thabwa linkathawa msanga kuposa iye. Kenako mutuwo unaima, unamira, unavuukanso, n'kuyamba kubwerera. Nelia anamuona akukwawa pamchenga, akudzuka, akuyang'ana kunyanja manja ali kumutu. Kenako anathamangira m'bango n'kusowa. Pagombe panatsala tenti yokha, ndi chitenje chake chimene anachiyanika pachingwe.

Tsopano mantha anamugwira enieni. Mafunde anali atakula, akumenya thabwa cham'mbali ndi kumuthira madzi ozizira kumaso. M'manja mwake munali matuza ophulika, ndipo mano ankagundana. Anakuwa, anaitana mwamuna wake, anaitana bambo a ndevu aja, koma mawu ake ankangopita kutsogolo limodzi ndi mphepo, kumene kunalibe munthu.

Kumanzere kwake, chapatali, kunali kachigulu ka bango kotuluka m'madzi. Anaganiza zosiya thabwa kuti asambire kukagwira pamenepo. Anatsitsa mwendo umodzi, ndipo anamva mmene unalemerera ndi kuzizira. Anakumbukira mawu a alangizi aja, akuti thabwa silimira koma munthu amatopa. Anabweza mwendowo, anagona chafufumimba n'kukumbatira tsinde la mlongoti. Thanga analisiya ligone m'madzi, ndipo anaona kuti likamakokeka choncho thabwa likuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi poyamba. Kachigulu kaja kanadutsa, n'kutsala m'mbuyo.

Sanadziwe kuti anagona choncho nthawi yaitali bwanji. Dzuwa linapendeka. Gombe la kwawo linasanduka kamzere, pamene mapiri a tsidya linalo ankakulirakulira mpaka anayamba kuona mitengo payokhapayokha. Pamalo ena pankafuka utsi. Kaya unali wa anthu otentha tchire, kaya wa mudzi wotenthedwa, iye sakanadziwa. Ku Balaka anali ataonapo anthu othawa nkhondo imeneyo, amayi ongokhala duu osayankhula, ndipo nkhani zimene ankamva za iwo sizinali zoti munthu n'kuzikumbukira ali yekha pamadzi.

Anaganiza za Elliam. Nthawi ngati imeneyo mwanayo amakhala atadzuka, akuyenda pakhonde atagwira khoma, akuyang'ana kumsewu. Nelia anali atamuuza mng'ono wake kuti akupita kukaona abale ku Ntaja. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe ku Balaka amene ankadziwa kumene iye anali, ndipo anachita kukonza yekha kuti zikhale choncho. Analira, osati mokuwa, koma kulira kwa munthu amene wazindikira kuti dzenje alimo anakumba ndi manja ake. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, ena mpaka kuwabwereza.

Kenako anamva kulira kwa injini. Poyamba anayesa kuti ndi m'makutu mwake, koma kunamvekanso. Anadzutsa mutu. Kumwera, kutali, kunali boti loyera likukwera ndi kutsika pamafunde. Silinkabwera kwa iye. Linkadutsa chopingasa, kulowera kum'mawa, ndipo Nelia anazindikira kuti anthuwo sakumuona. Munthu wogona pathabwa pakati pa mafunde sasiyana ndi chipika.

Anakuwa, koma anadziwa kuti n'zachabe. Anakweza dzanja, koma funde linamubisa. Botilo linkapitirira.

Panatsala chinthu chimodzi. Anagwada, thabwa likugwedezeka, n'kufufuza chingwe cha thanga. Atachigwira ndi manja a zilonda aja anamva ngati wagwira moto. Anaponda ndi mwendo umodzi, kenako winawo, n'kuimirira. Tsiku lonse anali akubisala, koma tsopano ankapempha Mulungu kuti aliyense wa maso amuone. Anakoka. Thanga linakana, lodzaza madzi. Anakokanso atatsamira chambuyo ndi thupi lonse, ndipo linadzuka pang'onopang'ono, madzi akutsika, mpaka kufiira kwake kunaima pamwamba pa mafunde n'kuyamba kukupiza. Analigwira choncho mpaka manja anachita dzanzi. Mphepo inalilanda n'kumuponya m'madzi.

Anamwa madzi, anavuuka, anagwira m'mphepete mwa thabwa ndi zala zokha. Mphamvu zokwereranso analibe. Koma kulira kwa injini kunali kutasintha, ndipo kunkakula.

Manja amene anamukoka anali a a Kachingwe ndi a bambo a ndevu zoyera aja. Anamugoneka pansi m'boti n'kumufunditsa thumba la chiguduli. Lyford, amene analinso m'botimo, anamugwira mutu. Mapazi ake anali magazi okhaokha, chifukwa anathamanga wopanda nsapato kudutsa m'ziputu za bango mpaka kudoko.

"Alhamdulillah," anatero a Kachingwe. Anamangirira thabwa kumbuyo kwa boti n'kuloza timitengo tina tozikidwa m'madzi patsogolo pawo pang'ono. "Mwaona zikhomo izo? Asodzi athu anazika kuti zizitikumbutsa pobwerera. Mukanapitirira pamenepo, ine ndi boti la boma sindikanakutsatani."

Sanawonjezere mawu ena okalipa, ndipo zimenezi zinamupweteka Nelia kuposa kukalipa. Amene anayankhula anali wachikulire uja, amene ankamutchula kuti Che Hassani. Ndiye amene analozera alangizi kumene mphepo ikanamutengera.

"Mwanangu, ndinakufunsani," anatero mwakachetechete. "Mukanamira, ine ndikanakayankha chiyani kwa Mulungu? Kuti ndinadutsa munthu akufa, ndikuyang'ana kumbali?"

"Ndikhululukireni, bambo," anatero Nelia. "Ndinaopa chovala changachi."

Che Hassani anayang'ana alangizi, alangizi anayang'ana Lyford.

"Ndiye wokwera anali mayiwa," anatero a Kachingwe. "Achimwene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinakulangizani za munthu amene munandiuza. Mukanandiuza zoona, ndikanakulangizani zoona."

Ulendo wobwerera unali wautali, boti likulimbana ndi mphepo, mafuta ali pang'ono. Atazungulira nsonga ya kamtunda kaja, Nelia anasuzumira n'kuona zimene ankaziopa chichokereni ku Balaka. Doko lonse linali litaima m'mphepete mwa madzi, ndipo malaya ofiira awiri ankaoneka bwinobwino kutsogolo. Anadzifunsa ngati akuopabe, ndipo anadabwa kupeza kuti watopa kwambiri moti mantha alibenso pokhala.

Boti lisanagunde mchenga, mayi wina wonenepa analowa m'madzi mpaka m'mawondo atatambasula chitenje. Anali Abiti Laisi, mkazi wa a Kachingwe. Pambuyo pake panabwera amayi ena, ndipo anazungulira botilo mothithikana moti wa kumtunda sakanaona kanthu. Anamukulunga Nelia kuyambira m'khwapa mpaka kumapazi, wina anamumanga mpango kumutu, n'kumutsitsa atamugwira uku ndi uku.

Mmodzi wa ayufi aja anasendera pafupi, akusuzumira.

"Tione nawo, amayi. Akuti anavala chiyani?"

"Munthu wavuuka m'madzi, iwe ukufuna uone chiyani?" anatero Abiti Laisi osaima n'komwe. "Amayi ako akamachokera kosamba umawasuzumira? Tapatuka."

Anthu anaseka, ndipo mnyamatayo anapatuka akukanda m'mutu.

Amayiwo sanapite naye kunyumba mwachindunji. Anatsata gombe kupitirira mabwato, kupitirira mchenga uja alangizi analoza m'mawa, mpaka pamene panali mpanda wa bango wolowa m'madzi. Kuseri kwake kunali kagombe ka mchenga woyera. Atsikana ankatsuka mbale, ana ankasewera m'madzi ofika m'chiuno kutali ndithu ndi mtunda, ndipo timafunde tinkabwera tokha kudzafera pamapazi. Anamukhazika pamwala n'kuyamba kumutsuka zilonda za m'manja ndi madzi ofunda amene wina anathamangira nawo.

"Lino ndi doko lathu amayi," anatero Abiti Laisi. "Mwamuna saponda kuno, kaya ndi wa chipani kaya ndi shehe. Wodutsa kanjira ako amayamba wafuula kuti zadoko, ndipo amaima mpaka timuyankhe. Mphepo yake ndi yomweyi mukuimvayi, yobweza munthu kumtunda. Mukanagwa kakhumi, kakhumi konse tikanakutolani ife tikuseka."

Nelia anayang'ana madziwo, anayang'ana mpandawo. Kuchokera pamene lole inaima m'mawa uja, munthu akanafika pamalowa asanamalize kudya chinangwa chimodzi.

"Sindinadziwe," anatero.

"Mukanadziwa bwanji osafunsa? Ine ndinali pomwepo, ndikuyanika matemba, ndinakupatsani moni. Mukanangondikokera pambali." Abiti Laisi anafinya kansalu n'kumukulunga dzanja mosamala. "Chovala chimabisika, amayi. Ife tikanakubisirani tsiku lonse. Maliro ndiwo sabisika."

Nelia anaweramira paphewa la mayi amene m'mawa uja anamuyankha moni mosayang'ana n'komwe, ndipo analira mpaka kunjenjemera kunatha.

Phunziro: Pofuna malo ophunzirira masewera a pamadzi kapena ogona m'mbali mwa nyanja, funsani alangizi ndi eni dera, ndipo auzeni zoona zonse, ngakhale zimene zikukuchititsani manyazi. Woyamba kumene asankhe madzi osaya, pamene mphepo ikuwombera kumtunda, pamaso pa anthu oti angamuthandize, ndipo avale jekete yoyandamitsa. Madzi abata a kobisika asakunyengeni, tenti musakhome panjira ya mvuu, ndipo zinthu zikavuta itanani msanga thandizo likadali pafupi.